Kuseri kwa Phiri Madzi Amazungulira

Dzenje linali litafika kale m'khosi mwa adzukulu, anyamata okumba manda aja, pamene zinadziwika kuti galimoto yamaliro imene mudzi wonse unkaidikira sinanyamule Nathan. Inatulukira pa Biriwiri dzuwa litakwera pang'ono, kangolo kakugwedezeka kumbuyo kwake, ndipo amayi atangoiona anakweza maliro. Koma iyo sinachepetse n'komwe liwiro pa masamba amene anthu anayala pamsewu. Inangopitirira. A Benson anaithamangira pa njinga yamoto mpaka pomwe apolisi amaimitsa magalimoto, ndipo anabwerako nkhope itagwa. Bokosi lija linali la mnyamata wina wa ku Kasinje.

A Benson anali malume ake a Nathan, munthu wa mtima wabwino koma waphuma losaneneka, wotha kumanga khola ng'ombe asanaione. Komabe tisawadzudzule kwambiri. Ku Biriwiri aliyense akudziwa mmene maliro a ku Joni amayendera: uthenga umafika pafoni, anzake a malemu amasonkhana kumeneko, kenako galimoto imanyamuka, ndipo ikadutsa ku Tete anthu kuno amanola makasu. Uthenga unafikadi, wochokera ku gulu la a Malawi a ku Cape Town, woti Nathan wapita m'nyanja yamchere. Patapita masiku panamveka kuti maliro a ku Ntcheu ali m'njira. A Benson anaphatikiza ziwirizo, nakauza amfumu, ndipo m'mawa mwake adzukulu analawirira kumanda.

Salome, mkazi wa Nathan, anali atakhala m'nyumba yasiwa kuyambira tsiku la uthenga woyamba, atazunguliridwa ndi amayi, mawu atamuthera ndi kulira. Kwawo kunali ku Champiti, kuno anabwera chitengwa, ndipo mtengwa pamaliro a mwamuna wake salamula kanthu. Amakhala pomwe amukhazika, n'kudya chimene amupatsa. Atamva kuti bokosi silinali la Nathan, sanadziwe choti achite ndi nkhope yake. Ngati mwamuna wake sali m'galimoto, ali kuti?

Foni yake inali m'manja mwa mlamu wake Tisunge, mlongo wake wa Nathan, ndipo inangolira kamodzi n'kuduka. Nambala inali yachilendo. Kumudziko netiweki ndi yamanyazi. M'nyumba mulibe, pabwalo imagwidwa ndi ya ku Mozambique, yomwe imadya mayunitsi ngati chiswe. Wofuna kulankhula amakwera kaphiri ka kumbuyo kwa mudzi, n'kuima pafupi ndi mwala waukulu. Salome anatenga foniyo n'kunyamuka osapempha aliyense. Amayi ena anamugwira chitenje kuti namfedwa satuluka, koma iye anadzimasula.

Unali mwezi wa mwera. Pamwamba pa kaphiriko mphepo inkaluma makutu. Foni italiranso, mawu anali a Silvester, mwana wa mudzi woyandikana nawo, yemwe anamupezera Nathan ntchito pa sitima yogwira nsomba.

"Alamu, mukundimva? Tangofika kumene padoko. Kunyanja kulibe foni. Ndamva zoti kumudzi mwakhala pamaliro. Wakuuzani ndani kuti wamwalira?"

Salome anatsamira mwala.

"Ali moyo?"

"Sindinatero ayi, alamu. Ndikuti palibe amene waona mtembo. Imvani bwino."

Silvester anafotokoza mwapang'onopang'ono. Sitima yawo inkagwira nsomba pafupi ndi chilumba china cha kum'mawa kwa Madagascar. Chingwe cha mbedza chinakodwa, ndipo Nathan anatumidwa pa kaboti kakang'ono kuti akachimasule. Injini ya kabotiko inazima. Nthawi yomweyo mphepo inakula, mvula inatseka maso, ndipo pamene kunkayera kaboti kanali katasowa. M'kabotimo munali chigubu cha madzi akumwa. Anamufunafuna mpaka mafuta anatsala ongofikira kudoko.

"Ndiye anapita kuti?" anafunsa Salome. Nyanja imene iye ankaidziwa inali ya pa kalendala ya kutchalitchi.

"Apa ndiye pali nkhani. Anthu opulumutsa anzawo m'madzi atisonyeza pa kompyuta. Chilumba chimenechi ndi phiri lokhalokha, alamu, lotalika moti la Dedza ndi chulu. Mphepo kuno imachokera mbali imodzi tsiku ndi tsiku, ngati mwera wathuwo. Ikafika paphiri imalephera kukwera, ndiye imagawikana, ina uku ina uku. M'mbali mwa phirimo imathamanga ngati yapanikizidwa pampata, koma kuseri kwake kuli zii. Ndiye taonani, m'mbali ikukankha madzi, pakati sikukankha. Madzi aja amayamba kupotoka, mpaka amazungulira ngati mukutakasa thobwa mumtsuko."

"Ngati padziwe pamene mtsinje wakumana ndi mwala?"

"Eya, koma si kadziwe ayi. Kukula kwake ngati kuchoka pa Biriwiri mpaka ku Balaka. Ukakhala pamenepo sudziwa n'komwe kuti ukuzungulira. Akuti kaboti ngati kaja, kotsika, kamamvera madzi kuposa mphepo. Ngati kanalowa mmenemo sikanapite kutali. Kakungozungulira kuseri kwa phiriko."

"Ndiye bwanji osakamutenga?"

Salome anamva phokoso la magalimoto a dziko lina kumbuyo kwa mawu a Silvester.

"Malo ozungulirawo alipo awiri, ena amapita chakumanja, ena chakumanzere, ndipo sakudziwa kuti ali mwa ati. Komanso sakhala pamodzimodzi. Akakhwima amaduka n'kumapita chakumadzulo, akuzungulirabe, ndi zonse zimene anyamula. Nyengo inali yoipa, ndege yokamufunafuna imalephera kunyamuka. Lero ndiye yanyamuka. Ndikangomva kanthu ndikuimbirani. Musachoke pa netiweki."

Foni inaduka. Salome anatsala akuyang'ana kumunsi, kuseri kwa kaphiri, kumene kuli kachigwa komwe ana a m'mudzimo amakonda kubisalako mphepo. Malowo ankawadziwa bwino. Kumeneko n'kumene makoko a chimanga ndi majumbo a mudzi wonse amakathera. Tsiku limenelo kajumbo kabuluu kankayenda pamenepo, kupita cha kumwala, kukhota, kubwerera cha kumtengo wa mpoza, kukhotanso. Sikankachoka, sikankafikanso paliponse. Anakayang'anitsitsa. M'maganizo anamuona Nathan, munthu woopa ngakhale kuwoloka mtsinje wodzaza, atakhala m'kaboti, phiri likuonekera patali, m'mawa kudzanja ili, madzulo kudzanja linalo.

Chimwemwe sichinabwere. Chimene chinabwera ndi mantha oposa a dzulo, chifukwa dzulo Nathan anali atapuma, koma lero anali ndi ludzu.

Atatsika anapeza nkhani yamutsogolera, pakuti Tisunge, yemwe anamutsatira kukaphiri, anali atamva zonse n'kuthamanga. Pabwalo panali phokoso la njuchi. Amuna anasiya kuwotha moto n'kuima timagulu. Ena ankati Mulungu ndi wamkulu. Ena ankayang'ana kumadimba, kumene kabichi ndi tomato zinali zitayamba kuweramitsa mitu, popeza pamudzi pakakhala maliro palibe amene amagwira khasu kapena kheni yothirira. Sananene ndi pakamwa, koma maso awo ankanena.

A Benson anamuitanira Salome kuseri kwa nkhokwe, kumene kunali a Enelesi, mayi ake a Nathan, atakhala pamphasa miyendo itatambalala.

"Mayi a Ulemu," anatero a Benson, kumutchula ndi dzina la mwana wake wamkazi, "ndalakwa ndine, ndipo manyazi andigwira. Koma madzi akatayika saoleka. Manda takumba. Inu mukudziwa kuti manda sagona chiyasamulire. Akagona opanda kanthu amaitana wina, ndipo pamudzi pano pali ana, pali odwala. Dzuwa lisanalowe tiyenera kuikamo thunthu la nthochi, monga amachitira makolo, n'kukwirira."

Salome anavomera ndi mutu. Zimenezo ankazidziwa, kwawo ku Champiti amateronso. Thunthu la nthochi ndi lotsekera dzenje basi, silikhala ndi dzina.

"Koma alongo angawa ali ndi mawu," anapitiriza a Benson, akuyang'ana pansi.

A Enelesi sanayang'ane mpongozi wawo. Analankhula ngati akuuza nkhokwe.

"Ine ndakula. Ndaona amene anapita ku migodi osabwerako, amayi awo n'kumwalira akuyang'ana kumsewu. Madzi amene akunenawo sindikuwadziwa, koma ndikudziwa kuti munthu si nsomba. Masiku apita angati? Thunthulo tiliveke jekete lake lija, tiliike ngati munthu, anthu aimbe, amuna avine ngoma monga amachitira mwana wa Angoni akagona. Ndikhale ndi poti ndizikalira. Ndinabereka mwana ine, sindinabereke mphepo."

Jekete limene ankanenalo linali lakuda, lolemera, lothothoka pakolala. Nathan ankalivala m'mawa popita kukathirira kudimba. Analisiya ponena kuti pasitima amapatsa zawo, ndipo chichokereni iye, Salome ankalipachika kuseri kwa chitseko cha kuchipinda. Fungo la utsi ndi thukuta linali lisanathemo.

"Amayi," anatero Salome, "mukaliveka jekete ndiye kuti mwamuika. Ndege ili m'mwamba pano tikukamba pano. Bwanji akakamupeza? Adzabwere adzaone manda ake? Adzapeze ine atandimeta?"

"Nanga akapanda kumupeza? Anthu awa akabalalika lero sadzasonkhananso. Manda awiri a munthu mmodzi sakumbidwa," anatero a Enelesi.

"Tidikireko mpaka mawa."

"Dzenje silidikira mawa, mwana wanga," anatero a Benson mofatsa.

Zoona zake n'zakuti onse atatu ankanena zoona, ndipo n'chifukwa chake panalibe wogonja. Akanakhala kuti wina akunama, bwenzi nkhani itatha msanga. Salome anayang'ana dzuwa. Linali litapendeka kale pang'ono.

"Ndipatseni mpaka mthunzi wa nkhokwe ufike pamsewu," anapempha. "Ndikamve za ndege."

Analowa m'nyumba, natenga jekete lija kuseri kwa chitseko, nalipinda n'kulikumbatira pachifuwa. Sankakhulupirira aliyense kuti angalisiye pomwepo iye atachoka. Amayi a m'siwa anamutsegulira njira mwakachetechete. Ena anali atamasula kale nsalu zimene anamanga m'chiuno polira, ena anali asanamasule, ndipo ankayang'anana kuti aone amene walakwitsa.

Anakweranso kaphiri. Anaima pamwala, foni ili m'mwamba ngati akuisonyeza kwa Mulungu. Anayesa kuimba nambala ija, koma munalankhula mzimayi wa chiyankhulo chachilendo. Anayesanso. Anakhala pansi, anaimirira, anapemphera pemphero lopanda mutu, longoti chonde, chonde. Kumunsi ankaona zonse ngati pa chikhatho: utsi wa pamaliro, adzukulu atakhala pa mulu wa dothi lofiira kumanda, ndi amuna awiri akulowa m'nthochi za a Benson ndi chikwanje. Kuseri kwa kaphiri kajumbo kabuluu kanali pantchito yake yomweija.

Chimene chinkamupweteka kwambiri chinali chakuti panalibe choti agwire. Nathan akanadwala, bwenzi atamubereka kumsana mpaka kuchipatala. Akanamangidwa, bwenzi atagulitsa mbuzi. Akanasochera m'phiri la kuno, amuna onse a m'mudzi akanalowa m'tchire ndi agalu. Koma uyu anali m'manja mwa mphepo imene inagunda phiri la anthu ena, ndipo mkazi wake sankatha ngakhale kutchula dzina la chilumbacho. Chimene akanatha kumuchitira padziko lonse chinali chimodzi, kukana ndi jekete.

Mthunzi wa nkhokwe unafika pamsewu, n'kuwoloka. Foni inali chete.

A Benson anakwera okha kudzamupeza, akupuma wefuwefu, chipewa chili m'manja.

"Palibe?"

"Palibe, amalume."

"Ndiye titani, mayi a Ulemu? Ine phuma landichititsa kale manyazi kamodzi lero. Sindikufuna kachiwiri. Alongo anga ndalankhula nawo. Akulira, koma akuti mwini jekete ndinu. Nenani."

Kwa nthawi yoyamba chibwerereni m'mudzimo, mtengwa anapatsidwa mawu omaliza, ndipo anawalakalaka atakhala a wina. Anakumbukira zimene Silvester ananena, kuti chogwera m'madzi amenewo sichipita kutali. Anakumbukira chigubu cha madzi akumwa. Anakumbatira jekete mwamphamvu.

"Ikani nthochi yokha. Bambo a Ulemu ali moyo."

A Benson anavala chipewa chawo n'kutsika.

Ntchitoyo sinatenge nthawi. Panalibe nyimbo, panalibe ngoma, panalibe mlaliki. Adzukulu ananyamula thunthu lija paphewa ngati akupita nalo kukhola la nkhumba, analiponya m'dzenje, n'kuyamba kukwirira. Salome ankaona fumbi lofiira likukwera n'kutengedwa ndi mwera. Kumudzi anthu anayamba kumwazikana. Wina anakoka masamba aja kuwachotsa pamsewu. Amayi anasenza mapoto awo ndi mphasa, ndipo amuna, ena osapita n'komwe kunyumba, analunjika kumadimba ndi makheni kuti apulumutse chotsala dzuwa lisanalowe. A Enelesi anatsogoleredwa kunyumba kwawo ndi Tisunge, akuyenda ngati munthu wodwala.

Palibe amene anakwera kaphiri kudzatsanzika. Sikuti anali oipa mtima ayi. Kungoti panalibe amene ankadziwa mawu ake. Kwa namfedwa umati pepani, kwa amene mwamuna wake wapulumuka umati Mulungu alemekezeke. Kwa mkazi amene mwamuna wake akuzungulira kuseri kwa phiri, makolo sanasiye mawu.

Adzukulu anali akutsuka makasu pachitsime pamene foni inalira. Salome anaigwetsa, naitola, naiika kukhutu mozondoka, naitembenuza.

"Alamu." Mawu a Silvester anali ochepa ngati a mwana.

"Nenani."

"Kaboti akapeza. Kanali momwe ananena muja ndithu, kuseri kwa phiri, kakuzungulira. Ndege inakaona, boti la asilikali linapita."

"Nanga iye?"

"Mulibe munthu, alamu. Chigubu chilimo, chopanda madzi. Nsapato zake zilimo, ataziika bwinobwino pambali. Akuganiza kuti madzi atamufikitsa pafupi, analiona phiri ngati lili pompano, ndiye anayesa kusambira." Silvester analira poyera, mwamuna wamkulu. "Sipafupi ayi, alamu. Limangooneka choncho chifukwa ndi lalitali. Akuti asiya kufunafuna."

Salome sanakuwe. Anayang'ana jekete limene linali m'manja mwake ngati akuliona koyamba. Kenako anayamba kuthamanga.

Anatsika kaphiri osatsata njira, minga ikumukoka chitenje. Anadutsa m'munda wa kachewere wa eni ake, anadutsa pachitsime pomwe adzukulu anaimirira kukamwa kuli yasa, mpaka analowa kumanda, kumene mkazi sapita yekha. Mtumbira unali utaumbidwa kale, wosalala bwino, dothi likadali lonyowa. Panalibe mtanda, panalibe nkhata yamaluwa. Anagwada n'kuyamba kufukula ndi manja.

A Benson ndi amene anamupeza. Anamugwira m'mapewa, ndipo atamuona nkhope sanafunsenso za foni.

"Amalume, auzeni abwere ndi makasu. Pang'ono pokha. Ndingoliikamo. Ndavomera tsopano, ndavomera. Kaitaneni amayi, auzeni ndavomera."

"Mwana wanga," anatero a Benson, misozi ikutsikira m'ndevu, "manda akatsekedwa safukulidwa. Mmenemo muli nthochi. Tinaika nthochi."

"Ndiye akumbe ena."

Yankho ankalidziwa onse awiri. A Enelesi anali atalinena kale kuseri kwa nkhokwe.

Salome anakhala pansi pambali pa mtumbira wopanda mwiniwo, zikhadabo zitadzaza dothi. Kumadimba kunkamveka makheni akugundana ndi mawu a anthu akuitanizana, mudzi utabwerera ku ntchito zake. Mphepo inkazizira kwambiri tsopano, ndipo iye ankanjenjemera mano kugundana. A Benson anayang'ana uku ndi uku kufuna chomufunditsa, koma panalibe china. Anatola jekete lija pomwe linagwera, analikung'untha dothi, namuveka.